Mzere wa Buluu Wandizungulira Ndekha

Lolemba

A Yohane Thawani. Ndalemba dzina lonse kuti ndikafa ana adziwe amene anandigwetsa.

Titangofika muno mumzinda wa South Bend kuchokera ku Malawi, mumsewu uno munali nyumba ziwiri zogulitsa, ina kumtunda, ina kufupi ndi mtsinje. Iwo amvekere, "Achimwene, tengani yakumunsiyo, muzidzalima dimba ngati kwathu." Ine mwana wa ku Nsanje nditangomva za dimba, nzeru zinathawa. Iwo anatenga yakumtunda.

Lero kwabwera kalata ya khonsolo. Akuti akusintha malamulo a madzi osefukira kuti afanane ndi a boma lalikulu, apo ayi mzinda wonse utaya inshuwaransi ya madzi. Muli ndi mapu. Mzere wa buluu, wa nyumba zomira, wazungulira yanga ngati mkanda. Ya a Thawani ili kunja, gwa, youma!

Pofika Lamulungu mzerewo ukhala utawameza nawonso. Ndalumbira.

Lachiwiri

Tsiku la umboni. Zida: chidebe, chingwe, magalasi.

Ndathira madzi pageti pa a Thawani kuti ndione akulowa kwawo. Madzi atsetsereka ndi msewu, adutsa nyumba zitatu, akhota, alowa kwanga. Kachiwiri chimodzimodzi. Madzi a kuno ndi okondera.

A Thawani pawindo: "Achimwene, mukamaliza munditsukirekonso galimoto!"

Lachitatu

Ku ofesi ya mzinda, nditavala jekete la pa ukwati. Mayi wa pakauntala ndi waulemu, koma Chizungu chake chili ndi matayala. Ndatolapo izi:

mzere sajambula iwo, amajambula akuluakulu oyeza nthaka;
ndikadzakonza nyumba kwambiri, fanesi yotenthetsa m'nyumba ichoke m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, ikwere m'mwamba;
Lachisanu khonsolo ikumana, aliyense akhoza kukalankhula.

Ndawauza kuti ine ndinagonapo masiku awiri pachulu madzi atazungulira mudzi wonse, pepala silingandiphunzitse mtsinje. Angoti, "Wao!" Ndiye kuti agonja.

Lachinayi

Ngati a Thawani sakulowa mumzere, nditulukemo ine. Kwathu madzi akavuta munthu amakweza nthaka. Mawilibala khumi ndi awiri a dothi kuseri kwa nyumba. Msana ukulira, chulu chikukula. Akadzayezanso adzandipeza ndili kumtunda!

Masana wafika Chisomo, mwana wanga wa unesi uja. Wawerenga kalata mpaka kumapeto, kumene ine sindinafike. "Adadi, kuthira dothi popanda chilolezo ndiye choyamba chimene aletsa."

Mawilibala khumi ndi awiri kubwerera komwe anachokera. Pansi pake bonongwe wanga yense phwatalala.

Lachisanu

Za aang'onoang'ono zandikwana. Ndikupita ku Indianapolis, kwa eni mzere. Vuto ndi maso, misewu ikuluikulu sindidiraivanso. Chisomo ali pa shifiti. Munthu wa mpata ndi mmodzi yekha.

Maola atatu m'galimoto ya a Thawani, fayilo yowasumira ili pamiyendo panga. Aimba nyimbo za kwaya njira yonse, mawu onse anayi okha. Pa Lafayette Road aima kugula ufa ndi nsomba zouma. Wonyamula matumba ndine.

Ku ofesi: "Bambo, zimenezi mukayambire ku khonsolo ya kwanu. Ikumana liti?"

Lero!

Tafika ku khonsolo atatseka. Malamulo adutsa bwinobwino, akuti panalibe wotsutsa.

Loweruka

Mvula! M'besimenti madzi lekeza m'mawondo, sutikesi yanga ya ku Malawi ikuyandama ngati bwato. A Thawani atulukira ndi pampu, osaitanidwa. Apopa mpaka pansi pauma. Pochoka adzera kudimba, athyola nkhwani wodzaza jumbo. "Mwaona, achimwene? Ndinanena ine kuti kuno n'kwachonde."

Sindinathokoze. Ndangowapatsa tiyi, shuga supuni imodzi.

Lamulungu

Abusa alalikira za wopusa amene anamanga nyumba yake pamchenga. Anthu atatu acheuka kundiyang'ana. "Ameni" wamkulu wachokera kwa a Thawani.

Basi. Inshuwaransi ndizilipira. Fanesi ikwere, ikafuna ikafike padenga. Kupepesa kwawo sindikukufuna, angapepese moimba.

Changa n'chimodzi ndisanatseke maso. Akuluakulu a mapu abwere ndi cholembera chawo cha buluu, akhotetse mzerewo pang'ono chabe, ukakhudze bokosi la makalata la a Thawani. Nyumbayo aisiye, ndakhululuka. Bokosi lokha. Ndikaliona lili m'kati, kandiikeni.