Bokosi la Yusufu lomva mawu

Lolemba
Yusufu, mwana wa mlongo wanga, wabwera ndi kabokosi kochokera ku Joni. Wakalumikiza ku TV ya m'nyumba yake yoonetsera vidiyo kumsika, n'kundiika maikolofoni pakamwa. Ndikatsokomola, galasi lonse likufiira. Akuti Loweruka ndikakambe nthano pagulu, mitundu izikasintha kumbuyo kwanga motsata mawu. "Amalume, mukhala ngati filimu." Ndavomera chifukwa mayi ake anali pomwepo. Ndasankha ya msodzi wokwatira kwa ng'ona, imene ndinaimva kwa malume anga tili m'bwato. Mtima suli m'malo. Nthano imeneyi anthu akangoiseka kamodzi, sindidzaikambanso.

Lachiwiri
Tikuphunzitsa bokosi. Iye akupotokola timabatani, ine ndikuyankhula. Tapangana motere:
mawu apansi, mtundu wa madzi akuya
mawu apakati, kubiriwira ngati mpunga wa ku Chia
kukuwa, kufiira
chete, mdima
Komatu ine nthano ndimakamba chapansipansi kuti anthu asendere pafupi. Bokosi silisendera.

Lachitatu
Jenereta ikundiposa mawu. Galasi langobiriwira kuyambira m'mawa, kaya ndiyankhule kaya ndisiye. Taikankhira kuseri kwa nyumba mpaka pamene chingwe chathera.
Amene asintha mtundu lero: tambala wa aneba, belu la njinga, amayi ena otsatsa usipa, m'mimba mwa Yusufu. Ine ayi.

Lachinayi
Ndayamba kukuwa. Ng'ona yanga ija imanyengerera ngati mkamwini watsopano, lero ikukalipa ngati kondakitala wa basi ya ku Dwangwa. Pali pamene ndimakhala chete, msodzi atapisa dzanja m'madzi, omvera nawo n'kusiya kupuma. Ndafika pamenepo, galasi bii. Yusufu wathamangira kujenereta, kuyesa mafuta atha. Pobwerera akuti chetecho ndichotse, anthu adzatuluka.
Kunyumba akazi anga andipatsa tiyi wa mandimu. "Nkhalamba yonse inu, kukalipirana ndi galasi?"

Lachisanu
Azana yoitanira anthu kumapemphero yamveka kuchokera kumzikiti, mitundu yonse n'kuyamba kuyenda bwinobwino, kuposa zonse zimene ndavutikira sabata ino. Yusufu wazimitsa msanga mwaulemu.
Titachoka koswali kumzikitiko, afika awapampando a chipani a dera lathu. Amva zoti kuli nthano. "Ng'onayo ikuimira ndani?" Ndati ikuimira ng'ona. Akuti mawa adzamva okha.
Mpunga wamasana wandikanika.

Loweruka
Nyumba yadzaza, ena akusuzumira pazenera. Awapampando ali kutsogolo, manja apinda.
Ndayamba. "Padangokhala msodzi wina." Onse pamodzi, monga mwa mwambo: "Tili tonse!" Galasi psuu. Poyeserera paja tinali awiriwiri, zoti omvera amavomera tinaziiwala tonse.
Anthu ayang'anana. Wina kumbuyo wabwereza yekha, "tili tonse", lafiiranso. Basi, azindikira. Palibe akudikiranso kuti ine ndinene kanthu. Amayi akululuta, anyamata akuimba mluzu, ena akuuza anzawo kuti akhale chete aone mdima, osatheka. Awapampando atenga maikolofoni m'manja mwanga, akulira ngati ng'ombe kufunafuna mtundu wa madzi uja.
Msodzi wanga akadali pamchenga, bwato sanakankhe. Ndatuluka osaonedwa, ndagula chinangwa chootcha, ndadya ndikuyenda.

Lamulungu
Yusufu wafika m'mawa, chipewa m'manja, nkhani akuizungulira kutali. Mapeto ake akuti anthu akufuna azibwera kudzakuwa okha, wokamba sakufunika. "Musakhumudwe, amalume." Ndayesetsa kuoneka wokhumudwa mpaka wachoka.
Mawu andithera, ndikungonong'ona. Filimu sindinakhale, chabwino. Nthano ili yonse, palibe waiseka poti palibe waimva.
Masana aima pakhonde a Mwanaisha, oyandikana nafe, amene dzulo anali pazenera. "Kodi msodzi uja anatani?" Ndaloza pakhosi. Ati alibe changu. Akhala pamkeka, akoka lichero la akazi anga n'kuyamba kusankha mpunga.