Chingwe cha Pachitsime cha Ba Chanda

Lolemba

Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Pachitsime palibe chingwe, palibenso ndowa. Azichotsa ndi eni nyumba, Ba Chanda, ndipo chifukwa chake sichobisika. Sabata yatha ndinakauza woyendera zaukhondo kuti mitengo yoyala pachimbudzi chathu yafumbwa, tsiku lina munthu adzagweramo. Woyenderayo anabwera, nawadzudzula pamaso pa anthu.

Ndawafunsa mwaulemu. Yankho lawo: "Mukonda ukhondo maningi, ba kalaliki. Nachosa nthambo kuti manzi asade."

Nambewe, mkazi wanga, ali ndi pathupi potopa. Tsopano akukatunga kumtsinje, kuseri kwa njanji, kumene kuli matope ndi ng'ona. Ichi sindingachilole.

Dongosolo langa:
1. Kusonkhanitsa onse okhala m'zipinda zino.
2. Kukadandaula pamodzi kwa mkulu woweruza milandu ya m'komboni.
3. Kubwezetsa chingwe lisanathe Lasabata.

Wolipira chipinda walipiranso madzi, ndipo munthu salangidwa chifukwa chodandaula. Amene amasunga mabuku a katundu yense wa pasiteshoni ya Kafue sangalephere nkhani ya chingwe.

Lachiwiri

Chitseko cha chimbudzi chapita. Ba Chanda akuti akufuna woyendera uja aziona bwino m'kati.

Msonkhano pansi pa mango. Alipo: ine, a Banda atelala, ndi Mayi Mutinta ogulitsa nsomba. Ndatsegula ndi pemphero, ndipo ndadzisankha kukhala mlembi poona kuti palibe wina woyenera.

Mayi Mutinta: "Ise tinali kumwa manzi bwinobwino mukalibe kuyamba zokonzakonza."

A Banda akungoseka. "Achimwene, uja ndi mbuya wanu. Pakati pa mBemba ndi ife akummawa palibe mlandu."

Chimbuya! Akuti makolo a aNgoni ndi a aBemba anamenyana kalekale mpaka kutopa, ndiye adzukulu awo amatukwanana, amalandana zinthu, amaikana maliro, popanda wokwiya. Ndawakumbutsa kuti ine ndine mNgoni wa ku Ntcheu, ku Nyasalande, ndipo nkhondo imeneyo sindinaitumeko munthu.

"Si paja akuti Chitaganya chatisandutsa dziko limodzi?" atero a Banda.

Sindikuseka.

Lachitatu

Mayi Mutinta atuluka m'bungwe osatsanzika. Ndawaona m'mawa akutunga ndi chingwe chomwe chija. Atatha, akuchibweza kwa eni ake, kansomba kali pamwamba. Eni akewo awauza kuti asagawire nyumba yanga.

A Banda nawo aima pakhomo pa Ba Chanda n'kukuwa kuti, "Iwe wodya anyani, leta nthambo!" Alowa okha, atenga, atunga. Ba Chanda akuwatcha odya mbewa, akuseka mpaka kutsokomola.

Choncho bungwe latsala ndi mlembi.

Nambewe wabwera kumtsinje mapazi atatupa. Wakhala pamphasa, kenako wati, "Bwanji osangokawatukwana monga achitira anzanu?" Ndamuyankha kuti ufulu supemphedwa ndi chipongwe. Wayang'ana mapazi ake.

Sindinasambe. Kolala ya malaya yada.

Lachinayi

Kwa mkulu woweruza. Ndavala jekete ngakhale kukutentha. Ndafotokoza mwatsatanetsatane: mitengo yofumbwa, woyendera, chingwe, chitseko, mayi woyembekezera. Mkuluyo akumvetsera bwino, akugwedeza mutu, ndipo mtima wanga wayamba kukhala pansi. Ndiye wafunsa mtundu wanga. Wafunsanso wa Ba Chanda. Benchi yonse yaphulika kuseka.

Chigamulo chake: "Mwanena zoona, ndipo akanakhala munthu wina akanalipa lero lomwe. Koma mbuya sazengedwa mlandu. Wakulandani chingwe, inu kamulandeni chipewa."

Ndapempha kuti chigamulocho chilembedwe. Palibe amene ali ndi pensulo, ndipo yanga aikana.

Potuluka, Ba Chanda akundisansa fumbi pajekete, akunditcha kapolo wawo pamaso pa anthu amene amandivulira chipewa kusiteshoni. Pofika kunyumba ndapeza udzu wotchinga bafa ausasula.

Lachisanu

Ndaganiza zokwera sitima kukadandaula ku Boma ku Lusaka. Ndikupukuta nsapato, Nambewe wandikhazika pansi.

"Chaka chatha, mwana wathu atatisiya, abale anu anali ku Ntcheu. Anakumba manda ndani? Ananyamula kabokosi kaja ndani? Mukawatengera ku Boma, tsiku lathu likadzafika adzatiika ndani?"

Anali Ba Chanda. Anakumba okha nthaka youma, manja mpaka kutuluka matuza. Pobwera kumanda anatipaka ufa kumaso, nanena kuti aNgoni sadziwa ngakhale kulira, kufikira Nambewe anaseka misozi ili m'masaya. Zimenezi sindinazilembe paliponse, koma zinachitika.

Ku Lusaka sindipita.

Nditaweruka ndapita ndekha kumtsinje. Ndaterereka m'matope, ndafika ndi theka la ndowa, asodzi akundifunsa ngati nsomba nazonso ziyamba kulembedwa.

Ngati njira ndi mwambo, nditsata mwambo, koma mwadongosolo. Zotukwana zimene ndakonza:
1. ABemba amadya anyani.
2. Sadziwa kumene ng'ombe imakamidwira.
3. Amatentha nkhalango n'kumati alima.

Ndaziloweza pamtima.

Loweruka

Ndaima pakhomo pawo. Ndaodira. Chipewa ndavula mwachizolowezi.

"Ba Chanda, mwa ulemu wonse, ndabwera kudzakutukwanani."

Ndanena choyamba. Aitana akazi awo. Ndanena chachiwiri. Aitana a Banda, Mayi Mutinta ndi odutsa m'njira, napempha kuti ndiyambirenso. Pa chachitatu akupukuta misozi, ndipo ndaona dzanja lawo likupita kumsomali kumene kwapachikidwa chingwe.

Pamenepo ndinayenera kukhala chete. Koma kusekako kwandilowa m'mutu, ndipo ndawonjeza chimene sichinali pamndandanda: kuti iwo ndi munthu wouma mtima, wozunza mayi woyembekezera pofuna kubisa manyazi a chimbudzi chawo chowola.

Ba Chanda alowa m'nyumba, natseka.

A Banda andikokera pambali. "Achimwene, chimbuya sichinena zoona. Apa ndiye mwatukwana zenizeni."

Masana ano pachitsime aikapo chivundikiro ndi loko. Tsopano palibe aliyense akutunga. Mayi Mutinta sakundiyankha moni.

Lasabata

Nambewe watuluka m'mawa osandiuza, mimba ili patsogolo. Ndamva mawu ake pabwalo, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Iwe kapolo, tsegula chitsime! Mfumu yako ili m'mimbamu ikufuna kusamba."

Wayanula malaya a kutchalitchi a Ba Chanda pachingwe choyanikira, wawavala pamwamba pa chitenje, n'kukhala pampando wawo. Kenako kuseka kuja kwamveka, kiyi wagwa pamchenga, chingwe pambuyo pake.

Lamulo latsopano la eni nyumba: "Manzi ni ya ba mayo aba na ena onse. Ba kalaliki asagwile nthambo yanga. Akasambe ku ofesi ya ukhondo."

Motero chingwe chabwerera lisanathe Lasabata, monga mwa mfundo yachitatu, ngakhale si mwa njira ya mfundo yoyamba kapena yachiwiri. Nambewe sadzapitanso kumtsinje. Wandipatsa madzi otsala potsuka mbale, ndachapira kolala.

Za ufulu wa okhala m'nyumba za eni palibe chalembedwa. Mwezi wamawa akafuna kuchotsa denga, adzachotsa, ndipo anthu adzaseka. Bafa lili pambalambanda. Pakhomo pa chimbudzi ndapachika chiguduli. Mitengo ija ikadali yofumbwa, ndipo ndimalowamo moponda m'mbalimbali, nditagwira khoma.

Ndikadzagweramo, wodzandivuula ndi kundiika m'manda ndikumudziwa. Adzagwira ntchitoyo mokhulupirika, akuseka.