Tsiku limene phiri linatsetsereka ndi Yamikani

Mpaka lero ndikamva fungo la mvula yoyamba pafumbi, ndimalambalala phiri lililonse, ngakhale kachulu. Si ulesi ayi. Ndi nkhani ya Yamikani.

Yamikani ndi mnzanga wa Fomu 3, mwana wa anesi amene anawasamutsira kuno ku Uliwa kuchokera ku Dedza. Vuto lake linali pakamwa. "Limeneli mukuti phiri? Kwathu timati chulu." Tsiku lililonse zomwezo.

Ife tili ndi masewera athu. Timadula pakati chigubu cha mafuta ophikira, kukhalamo, n'kutsetsereka paphiri la kuseri kwa sukulu. Koma lamulo lake aliyense wobadwira kuno amalidziwa: phiri likapsa m'chilimwe, mvula yoyamba n'kugwa, sukwerako mpaka udzu utamera. Dothi la pamwamba limamwa madzi n'kufewa ngati phala, lapansi likadali gwa ngati njerwa, ndiye ziwirizi sizigwirana. (Ine ndinkayesa choipa chake n'kudetsa zovala basi. Ndipo kudetsako n'kumene ndinkafuna, poti Yamikani amasita malaya mpaka kolala kuima yokha.)

Mvula itavumba, Lachisanu titaweruka ndinamuonetsa chigubu.

"Aise, anyamata a ku Dedza amazitha izi, kapena amangotha kulima mbatata?"

"Bweretsa kuno," anatero.

Tikukwera, nthaka inalira pansi pa mapazi anga, fuu, ngati thumba la ufa ukalikhalira. Pamwamba penipeni ndinaona mng'alu wopingasa, woti chala n'kulowa. Mtima unati bwerera. Ine ndinati mtima ukhale chete, malaya aja akadali oyera. Yamikani anakhala m'theka lake la chigubu, ine n'kumukankha ndi manja onse awiri.

Abale, chigubu sichinayende paphiri. Phiri ndi limene linayenda nacho. Kuyambira pamng'alu paja, dothi lonse linasendeka ngati khungu la chinangwa chovikika, timitengo tili chiimire, miyala ikugubuduka pambuyo. Pansi panachoka pamapazi anga, ndinangokumbatira chitsa chopserera ngati mayi wondibereka. Ndinamva Yamikani akukuwa kamodzi, kenako phokoso ngati lole ikutsitsa mchenga, kenako zii.

Zii ameneyo sindidzamuiwala. Ndinaitana, osayankha. Ndinatsika chamatako mpaka kukhwawa la m'munsi, m'mutu ndikuona kale bokosi la maliro, kwaya ya sukulu, ndi ine nditaima pamaso pa mayi ake. Chichewa chonse chinandithawa, ndinkangoitana Mulungu m'chinenero cha kwathu kuno, "Chiuta wane, Chiuta wane."

Ndinamuzindikira ndi maso ake. Maso okha ndiwo anali oyera. Matope anali atamumeza mpaka pachifuwa, dzanja limodzi lili m'kati, ndipo kumtunda ena anali kutsikabe pang'onopang'ono kulunjika pamutu pake.

"Aise, sindikupuma bwino," ananong'ona. "Usandisiye."

Ndinakumba ndi theka langa la chigubu, limene linatsika limodzi ndi matopewo. Ndikachotsa, ena n'kubwerera. Mwala unadutsa pafupi ndi khutu langa, sindinadzutse n'komwe mutu. Matope atafika pakhosi pake ndinakuwa mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

Bambo wina amene ankalima m'munda wapafupi anabwera akuthamanga ndi khasu. "Ŵana imwe, mwafuntha?" Ankafunsa ngati tapenga, koma sanadikire yankho. Anakumba ngalande yopatutsa matope, kenako tinamugwira Yamikani m'khwapa, iwo uku ine uku. Anatuluka ngati dzino. Thalauza ndi nsapato zinatsala komweko, ndipo anayenda mpaka pamsewu atavala thumba la feteleza limene bambo aja anamubwereka. (Kuseka ndinaseka mawa lake.)

Kunyumba, mayi ake atamupima nthiti n'kupeza kuti zonse zili m'malo, anatembenukira kwa ine. Ndinatseka maso.

"Mwanawe," anatero, misozi ili mbwembwembwe, "ukanathawa, bwenzi ndilibe mwana. Khala pansi."

Anandipatsa tiyi wamkaka ndi mandasi. Yamikani anandiyang'ana ali m'bulangete, diso lofiira, koma kuulula kuti anakankhidwa kukanatanthauza kuvomera kuti anapusitsidwa.

Mwina mukuti ndinayenera kukana mandasiwo. Ndinadya onse, n'kupemphanso shuga wowonjezera. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ukafuna kuputa munthu, uzionetsetsa kuti wofika woyamba kumupulumutsa ndiwe.