Tsiku limene ndinaponda apongozi

Mpaka lero, kukakhala zochitika kwawo kwa akazi anga ku Mpingwe, mpando wanga amauika pafupi ndi geti. Palibe amene anandiuzapo chifukwa chake, koma ine ndikuchidziwa. Nkhani yake inayambira ku Thailand.

Ofesi yathu ya ku Limbe inandituma kumsonkhano ku Bangkok (amene amayenera kupita anadwala, musaganize kuti ndine munthu wofunika). Za msonkhanowo musandifunse, ndinkangogwedeza mutu. Chimene ndinachigwira bwino ndi kuyendayenda. Ndinaona akachisi onyezimira golide, ndinakwera bwato kupita kumsika wa pamadzi kumene mayi amakukazingira nsomba ali m'bwato lake iwe uli m'lako. Ndinasambitsanso njovu. Kwathu kuno njovu timaithawa, kumeneko umalipira kuti uikhule msana. Azungu amene ndinali nawo ankajambula ziwala zokazinga akuchita tsinya, ine ndinangopempha tsabola.

Tsiku lomaliza anatitengera kukalasi ya alendo yophunzira kutikita thupi mwa chikhalidwe chawo. Tinayamba m'mawa, pofika nkhomaliro aliyense anali ndi satifiketi m'manja. Mphunzitsi wake anali mayi wochepa thupi kwambiri. Anandigoneka chafufumimba n'kuyamba kuyenda pamsana panga ndi mapazi, mafupa akulira, ndipo ndinadzuka ndili wopepuka ngati mnyamata. Ndinaloweza zonse kupatula chinthu chimodzi: mayiyo mphepo ikhoza kumunyamula, pamene ine ndine munthu wa mimba yanga.

Nditabwerera ku Blantyre ndinasanduka mliri. Minibasi ikachedwa kudzaza, ndinkauza kondakitala kuti ku Bangkok sachita choncho. Loweruka ndinkazungulira m'tauni nditavala thalauza lotaya la zithunzi za njovu. Akazi anga, amake Tadala, nditawapempha kuti ndiwatikite anakana, akuti akadali ndi ana oti alere.

Mwayi unabwera kudzera mwa apongozi anga aamuna, a Namakhwa, amene anapuma ntchito ku njanji. Msana unawagwira kutatsala masiku ochepa kuti mwana wawo womaliza akwatiwe, ndipo ankayenda atapindika. Banja lonse linada nkhawa kuti mkwatibwi amulowetsa bwanji m'tchalitchi. Tsono ine m'banjamo ndinkadziwika ngati mkamwini wobwera ndi paketi ya shuga. Mkamwini mnzanga wa ku Sunnyside anali atagula ng'ombe ya ukwati, ndipo dzina lake silinkachoka pakamwa pa apongozi. Zinkandipweteka, ndisabise. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha loti nanenso anditchule.

Mukudziwa inu kuti mkamwini ndi apongozi amatalikirana. Ine chikwatirire ndinali ndisanakhalepo mpando woyandikana ndi a Namakhwa, ndipo apongozi aakazi ndinkawalonjera nditagwada, maso ali pansi. Koma satifiketi imalimbitsa mtima. Ndinapita masana, nditamva kuti amayiwo ali ku Limbe kokagula nsalu za ukwati.

A Namakhwa anaiyang'ana satifiketiyo ataigwira chozondoka (sindinawadzudzule, poti zilembo zake ngakhale ine sindidziwa kumene zimayambira). Ululu ndi umene unawavomeretsa. Anavula malaya n'kugona pamkeka pabalaza.

Ndinayamba ndi manja. "Pamenepo, bambo a Tadala, pamenepo," anatero. Mawu amenewo anandiledzeretsa. Ndinaika chigongono, iwo n'kuusa moyo mosangalala. Ndinawapinda mwendo, ananena kuti maphunziro ndi abwino. Pamenepa munthu wanzeru akanatsanzika n'kumapita kwawo ndi ulemu wake. Ine ndinavula nsapato, ndinagwirira chitsulo cha katani, n'kukwera.

Phazi loyamba anangoti phee. Lachiwiri msana unalira ngati nzimbe ikuthyoka, ndipo a Namakhwa anakuwa m'Chilomwe, chinenero chimene ana awo anali asanawamvepo akuyankhula. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Analowa apongozi aakazi, pambuyo pawo amayi a komiti ya ukwati atasenza zikwama. Chimene anaona ndi mwini nyumba ali chifuwa pamtunda, nkhope ili pamkeka, mkamwini ataimirira pamsana pake atavala thalauza la njovu lija.

Chimene chinandimaliza ndi ulemu. Thupi langa linazolowera kuti likaona apongozi aakazi limagwada, ndipo silinadikire kuti mutu uganize. Ndinagwada pomwepo, mawondo onse awiri pamsana pa a Namakhwa, n'kuwomba m'manja. "Mwaswera bwanji, amayi?"

Pansi panga panamveka kulira kwachiwiri, kenako bata.

Amayiwo, poti sayankhula nane maso ndi maso, anatembenukira kwa mnzawo. "Afunseni bambo a Tadala ngati amaliza, tidziwe ngati nsaluzi n'za ukwati kapena za maliro."

Sindikumbuka mmene ndinatsikira. Nsapato ndinavalira kumsewu. Pofika kunyumba ku Naperi nkhani inali itanditsogolera, ndiponso itanenepa: akuti ndamenya apongozi chifukwa cha nsanje ya ng'ombe. Amake Tadala anangochapa thalauza la njovu lija n'kuliika pakhomo kuti tizipukutira mapazi.

Ankhoswe atakhala pansi, ndinali ndi chikhulupiriro kuti a Namakhwa andiikira kumbuyo. Mkulu uja, pamaso pa akazi awo, ananena kuti iwo anangogona pamkeka kuti apume, ndipo sakudziwa chimene chinalowa m'mutu mwa mwanayu. Ndinapepesa, ndinapereka tambala, ndinalonjeza kuti zimene ndinaona kunja zizikhala kunja komweko.

Tsiku la ukwati a Namakhwa analowa m'tchalitchi ali njo, mwana wawo ali pambali. Pa perekaniperekani anavina mpaka achinyamata anawapatsa bwalo. Atafunsidwa chinsinsi chake, anathokoza Mulungu, kenako anathokoza mkamwini wa ku Sunnyside chifukwa cha mafuta opaka amene anawagulira. Anthu anaimba nthungululu. Ine ndinali kumbuyo, pafupi ndi makireti, ndikuwomba nawo m'manja mtima ukuwawa.

Chikondwerero chikutha, ndinamva dzanja likundikoka jekete. Anali a Namakhwa, akuyang'ana kwina ngati sakuyankhula ndi ine.

"Amayi anu akupita kumudzi ku Mulanje mawa. Mubwere, mudzalowere kuseri. Ndipo kugwada kuja musakuiwale, ndi kumene kunagwira ntchito."

Ndikanayenera kukana, kapena kuwauza kuti ayambe andiyeretsa dzina pamaso pa ankhoswe. Koma mkamwini akaitanidwa ndi apongozi safunsa zambiri. Ndimapitabe mpaka pano, chitseko ndimakhoma ndekha, ndipo kuchikazi konse akudziwa kuti msana wa a Namakhwa unachira ndi mafuta a ku Sunnyside.