Fulashi Yanga Inathera m'Chimbudzi cha ku Sinda

Mpaka lero ndikamva kwaya yathu ikuyimba, ndimakumbukira kuti panatsala pang'ono kuti ndikwirire ntchito yawo ya chaka chathunthu pamalo oti sindingawatchule pakudya.

Ndine mphunzitsi kuno ku Katete, ndiponso mlembi wa kwaya ya mpingo wathu. Chaka chimenecho tinajambula nyimbo zathu pamodzi ndi mavidiyo ake, zonse n'kuzisunga mu kompyuta ya mu ofesi ya mpingo. Kompyutayo ndi nkhalamba, ikamayaka imabuula ngati ng'ombe yokoka ngolo pamtunda. Ntchito yanga inali yochepa: kuika zonsezo pa fulashi n'kukapereka kwa munthu wina wa ku Sinda amene amakonza nyimbo kuti zimveke bwino.

M'mawa wa tsiku la ulendowo mu ofesimo ndinapeza a Zulu, mphunzitsi mnzanga amene amayimba besi. Atandiona ndikulowetsa fulashi pa bowo lakutsogolo kwa kompyuta, anati, "Aphunzitsi, ikani kumbuyo. Mabowo akutsogolowo ndi a USB yakale ija, yoyambirira. Akumbuyo anachita kuwonjezera pambuyo pake, amathamanga kwambiri."

"Bowo ndi bowo, a Zulu," ndinatero. "Madzi sasankha mpopi."

"Mpopi wina ndi waung'ono ngati udzu. Mabuku amati watsopanoyo amaposa wakaleyo mwina ka makumi anayi."

Ndinaseka. (Muyenera kudziwa kuti ndinachitako maphunziro a kompyuta ku Chipata, a masabata ochepa, ndipo setifiketi yake ili pakhoma kwathu, pamwamba pa chithunzi cha ukwati.) Komanso kuti ndifike kumbuyoko ndinayenera kugwada pansi pa tebulo, chikhalirecho ndinali nditavala buluku langa la pa Sabata. Ndinawauza kuti liwiro silili pa bowo, lili pa nzeru za munthu.

Kuti ndionetse nzeruzo, m'malo mokopera mafayilo ndinasankha kuwasamutsa, kutanthauza kuti chilichonse chikafika pa fulashi chizifufutika mu kompyuta. Ndinafotokoza kuti kusamutsa n'kwachangu chifukwa makina sagwira ntchito kawiri. Zimenezi ndinazipeka pomwepo. A Zulu anangopukusa mutu n'kupita kukalasi.

Kamzere kobiriwira koonetsa mmene mafayilo akusamukira kanayamba kuyenda, kapena ndinene kuti kanaima n'kumaganiza zoyenda. Ndinatuluka kukacheza ndi mlonda za mtengo wa nsawawa. Pobwerako ndinapeza malaiti apita, kompyuta ili zii. Ndinawerengera mumtima kuti nthawi imene ndinakhala panja inali yokwanira kusamutsa ngakhale nyimbo za makwaya atatu. Ndinazula fulashi, n'kuiponya m'thumba la shati, n'kuthamangira minibasi.

Nditatsika ku Sinda, thobwa limene ndinamwa m'njira linayamba kundikumbutsa. Ndinalowa m'chimbudzi cha dzenje kuseri kwa msika. Nditamaliza ndinawerama kuti ndimange chingwe cha nsapato. Ndinangoona kanthu kakuda kakudumpha kuchoka m'thumba, n'kugunda simenti kamodzi, n'kulowa m'dzenjemo mosaphonya. Pa ulendo wonsewo, apa pokha ndi pamene fulashi ija inaonetsa liwiro.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana pansi. Ndinaganizako zobwereka ndodo. (Musandiweruze. Inunso mukanaganiza.) Mayi woyang'anira chimbudzicho anagogoda n'kufunsa, "Abambo, muli bwino m'menemo?" Ndinayankha kuti ndili bwino, koma mawu anatuluka ngati a mwana wa nkhuku.

Ulendo wobwerera ku Katete ndinauyenda ndikuona nkhope ya amayi Mwale, wapampando wa kwaya. Mayi amenewa anatiyimbitsa Loweruka lililonse, ngakhale nthawi yokolola thonje. Mwa oyimba athu munalinso agogo ena amene anatisiya titangomaliza kujambula, ndipo mawu awo anali m'mafayilo omwewo basi. Apa nthabwala zinandithera.

Malaiti sanabwere tsiku lonselo. Kutacha ndinapita kwa a Zulu n'kuwauza zonse, osabisa ngakhale za ndodo zija. Sanaseke. Anangoti, "Tiyeni tikaone kaye, tisanalire."

Ku ofesi tinapeza malaiti abwera, komanso amayi Mwale atakhala pa benchi, akudikira kumva za ku Sinda.

"Mwayenda bwanji, aphunzitsi? Akuti zituluka liti?"

"Tikungotsimikiza zina ndi zina, amayi," ndinatero.

Nkhalamba ija inabuula, n'kuyaka. A Zulu anatsegula pamene tinasunga nyimbo. Ine ndinatseka maso.

"Zonse zilipo," anatero chapansipansi. "Yachoka imodzi yokha."

Bowo lakutsogolo lija, chifukwa cha ulesi wake, pa nthawi yonse imene ndinkacheza panja linangokwanitsa kusamutsa fayilo imodzi. Ndikanamvera a Zulu n'kuika kumbuyo, kwaya yonse ikanakhala ili pansi pa msika wa ku Sinda. Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti. Amayi Mwale anafunsa ngati ndili ndi malungo, ndipo zinatengera a Zulu kuwafotokozera, uku tsopano akulephera kudzigwira kuti asaseke.

Tinabwereka fulashi ina. Ulendo uno ndinagwada ndekha pansi pa tebulo, n'kuika kumbuyo, n'kukopera, osati kusamutsa. Tisanamalize kumwa tiyi zonse zinali zitatha. Ndinayesa kunena kuti kuuma mutu kwanga n'kumene kunapulumutsa nyimbo, koma amayi Mwale anandiyang'ana mpaka ndinameza mawu otsalawo. Ku Sinda anapita okha, fulashi atayimanga pa nsonga ya chitenje.

Nyimbo imene inatayika ija inali yokhayo imene ndinatsogolera ine. Ndakhala ndikuwakumbutsa anzanga kuti tingathe kuijambulanso, poti mawu ndikadali nawo. Nthawi zonse amandiyankha mwaulemu kuti tidzaona, ndipo kenaka wina amayambitsa nyimbo ina.