Nkhadze Zanga Zoyenda ndi Chitsiru cha ku Chulu

Anzanga inu, mukandiona m'mawa ndikuyenda mofulumira kulowera kumsika, nkhope ili gwa, moni osayankha, musamati a Mbewe ayamba geni. Ayi ndithu. Khalani pansi ndikuuzeni, museke, ine manyazi anandithera kale.

Zaka zija makuponi a fetereza atangoyamba, chimanga chinadzaza m'nkhokwe, ndiye alimi akachoka ku okushoni ndalama ya fodya sinkatheranso pa chakudya. Aliyense ankafuna nyumba pa boma. Kanyumba koti mu Januwale munthu sangakupatse ngakhale mbuzi zitatu, pofika Juni kankatchulidwa mtengo woti umve utakhala pansi. Ine ndinati apa ndiye podyera. Ndigulitse kanyumba kanga, ndigule chigayo, nanenso anthu azindivulira chipewa.

Kanyumbako musakaone potero. Kutsogolo njerwa zowotcha, kumbuyo zidina. Ndinagula laimu wokwana khoma limodzi lokha, loyang'ana kumsewu, nanga wogula amayambira kuseri? Koma chonyadira changa chenicheni chinali bwalo. Pambali pathu pali puloti imene inagulidwa kalekale, mwini wake sitinamuonepo, tinkangomva kuti ndi mlimi wa ku Chulu. Malire athu anali mpanda wa nkhadze. Nkhadze mukuidziwa, kungothyola nthambi n'kuzika, yagwira. Ndiye ine mvula ikangogwa, ndinkazula mpanda uja n'kuusuntha phazi limodzi lalikulu. Zaka zinayi, mapazi anayi. Mtengo wa mango unalowa kwathu osaufunsa. Pamalo atsopanowo ndinakumbapo chimbudzi chabwino, cha simenti, chitseko cha malata.

Loweruka lina m'mawa kunafika bambo wina panjinga, jekete lakuda, zala zothimbirira ndi fodya. Anati ndi a Nkhoma, amva kuti nyumba ili pamalonda. Ndinangoona mmene thumba la jekete linatupira, mtima unayamba kuimba nyimbo ya chigayo.

Ndinawaimika pakhoma lokongola lija kuti ndiwatchulire mtengo. Iwo n'kutsamira. Pochoka, msana wonse mbuu! Laimu ndinali nditapaka dzulo lake, wopanda n'mchere womwe woti agwire pakhoma. Anadzipukuta pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Penti yanu ndi yachikondi, a Mbewe. Imatsata alendo."

Ndinaseka nawo, ndikudziwa kuti ndili ndi chida china. Ndinali nditapangana ndi mlamu wanga Lakisoni kuti wogula akafika, iyeyo atulukire ngati bwana wochokera ku Lilongwe, azikweza mtengo. Ndipo anatulukiradi, magalasi akuda, nsapato zanga za kutchalitchi zikumukhwepa. Anayamba bwino: "Nyumba iyi ndiifuna lero lomwe, ndalama zili m'galimoto." Galimoto yake iti, munthu wafumbi mpaka m'mawondo? Asanamalize, galu wathu, amene amaluma ngakhale abusa, anamudumphira n'kuyamba kumunyambita kumaso, mchira uli pukupuku.

Ndinati agalu a masiku ano amanunkhiza ndalama. A Nkhoma anangogwedeza mutu.

Basi mkazi wanga Nachisale akutulukira kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Iyeyu sindinamuuze za pulaniyi, chifukwa ndi munthu wopemphera kwambiri, bodza limamudwalitsa. Anatula ndowa, n'kugwada pamaso pa bwana wa ku Lilongwe.

"Achimwene, mwafika? Amayi mwendo uja ukupeza bwanji? Nanga nsapato za alamu anu mwavaliranji?"

Lakisoni anavula magalasi, n'kunena kuti akukaona njinga. Analibe njinga. Sindinamuonenso mpaka Khirisimasi.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine? Ndinati khoma landichititsa manyazi, mlamu wandichititsa manyazi, koma bwalo silingandigwetse. Ndinawatenga a Nkhoma kuwayendetsa, kuwaonetsa mango, kuwatsegulira chimbudzi ngati ndikutsegula ofesi.

"Malowa ndi aakulu ndithu," anatero. "Nanga puloti yapambaliyi ndi ya ndani?"

Apa m'pamene Satana anandikhala palilime. Ndinafuna aone kuti akugula kwa munthu wochenjera. Ndinawakokera pafupi.

"Ndi ya chitsiru china cha ku Chulu. Chinagula malo n'kukagona m'chigafa cha fodya. Mpanda uwu mukuuonawu umayenda, bambo. Chaka chilichonse phazi limodzi. Mukagula, muzingopitiriza, zaka khumi puloti yonseyo ndi yanu."

Ndinafika powaonetsa kazulidwe kake! Ndinagwada, n'kuzula nkhadze imodzi, n'kuizika patsogolo, n'kupondaponda dothi kuti aphunzire bwino.

A Nkhoma sanaseke. Anapisa dzanja m'thumba lotupa lija. Ine ndinapukuta manja pathalauza kuti ndilandire. Chinatuluka ndi chipepala chopindapinda, chokutidwa m'jumbo ya shuga. Anachitambasula, anayang'ana mango, n'kuyamba kuwerenga mapazi kubwerera chakunyumba kwanga. Atafika pafupi ndi khitchini anapalasa dothi ndi chidendene, ndipo panaoneka chikhomo chachitsulo cha malire chimene ndinachikwirira ndekha chaka choyamba.

"A Mbewe," anatero mofatsa, "chitsiru cha ku Chulu chija chadzuka m'chigafa. Ndinabwera kuti ndigule nyumba yanuyi ndiphatikize ndi puloti yanga."

Anthu inu, munayamba mwafunapo kuti nthaka ing'ambike? Ine ndinali chigwadire, utomoni wa nkhadze uli m'manja, ndipo posowa chochita ndinadzipukuta nawo kumaso. Maso anayamba kuwotcha ngati tsabola, misozi chuchuchu. Nachisale anati, "Lirani ndithu, mwina mulapa."

A Nkhoma anadikira kuti ndione, kenaka anatchula mtengo wawo: theka la umene ndinanena. Nditadandaula anawerenga pazala. "Khoma lopaka ndi limodzi, ndipo theka la pentiyo ndanyamula kale pamsana. Mango mulibe. Nanga nyumba yopanda chimbudzi, pa boma pano, angaigule ndani?"

Ndinakana. Ndinati ndidikira wogula wina. Koma nkhani inafika kumsika ine ndisanasambe m'maso, ndipo aliyense wobwera kudzaona nyumba ankayamba wafunsa kuti, "Mpandawu lero wagona pati?" Okushoni inatsekedwa, mitengo ya nyumba inagwa, maloto a chigayo anathera pomwepo.

Lolemba lotsatira Loweruka lija a Nkhoma anabweranso ndi anthu awiri, anabweza nkhadze pamalo pake, n'kukhoma loko pachimbudzi changa. Kiyi anapereka kwa Nachisale, ati chifukwa ndi yekhayo amene ananena zoona pakhomopo. Ndayesa kukumba china kuseri, ndapeza thanthwe. Ndikamupempha kiyi mkazi wanga, amangoti, "Kapempheni kwa chitsiru cha ku Chulu."

Ndiye inu ogula, kafukuleni zikhomo musanayang'ane penti. Inu ogulitsa, munthu wa zala zothimbirira mufunseni kwawo musanatsegule pakamwa. Ine ndinalumbira, nkhadze sindidzaikhudzanso, ngakhale itamera pakhomo penipeni ndizingoilambalala. Tsopano ndipatseni njira, chimbudzi cha kumsika amatsegula seveni koloko, ndipo pamakhala mzere.