Kiyi Wathu Wapitanso Kumaphunziro

Kwa Bwana Mkulu wa Nthambi Yosandutsa Kafukufuku Kukhala Ntchito,

Ndagwada, bwana. Ndine mayi wokolopa pachipatala chaching'ono chija munatumizako ofufuza anu zaka zitatu zapitazo. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye ndikaphonya mundikhululukire.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ofufuzawo. Anakhala nafe miyezi isanu ndi umodzi, kufunsa aliyense, ngakhale ine chokolopera chili m'manja. Anatulukira chinthu chozama zedi: kabati ya mankhwala ili ndi kiyi mmodzi, ndipo adokotala akachoka, kiyinso amachoka. Ife mbuli tinkangoona ndi maso, osadziwa kuti ndi sayansi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha buku la zotsatira, lonenepa bwino, lamapepala oterera. Patsamba 84 akuti pakhale kiyi wachiwiri, azisunga anamwino.

Chachitatu, maphunziro. Kuti mfundo imeneyi iyambe kugwira ntchito, mwawaitana adokotala athu kasanu chaka chino. Amabwerako masaya ali phwii, ndi chikwama chatsopano komanso satifiketi. Kiyi nayenso wapita kasanu konseko, ali m'thumba mwawo. Abale, kiyi ameneyu waphunzira kuposa ine!

Panopa adokotala ndi kiyi wawo ali kumaphunziro achisanu ndi chimodzi, sabata yachiwiri. Mng'ono wanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Miyendo yatupa, nsapato sizikulowa, mutu ukumuwaza, maso akuona zachimbuuzi. Anamwino amuyeza, akuti magazi akuthamanga koopsa. Mankhwala ake alimo m'kabatimo, ndimawaona pagalasi ndikamapukuta fumbi. Anamwino anafuna kuswa loko, koma pakhoma pali kalata yanu yachidindo yoti woswa loko ntchito yatha. Ndili ndi mantha, bwana, ndipo ndakwiya, ngakhale ndikudziwa kuti wokolopa sakwiya.

Kumsika kuli bambo wina wosula makiyi. Sanapiteko kumaphunziro alionse, koma amamaliza kiyi madzi a tiyi asanawire. Pepani, ndaiwala kuti komiti yanu ikukambiranabe ndondomeko yosulitsira kiyi wachiwiriyo.

Pempho langa ndi laling'ono. Adokotalawo asungeni, amalize bwinobwino. Kiyi yekhayo mukwezeni basi yamawa, satifiketi yake adzatenga ulendo wina. Zikavuta musadzipanikize. Mudzangotumizanso ofufuza aja mwezi wamawa adzafufuze chimene chinapha mng'ono wanga. Sadzavutika, yankho lili patsamba 84.

Ine wanu wosaphunzira,
Wokolopa